Maikolofoni yobisa m'zovala ikamachita mtswatswa ndi kudula mawu

Aliyense amene wavalapo mahedifoni pamalo ojambulira filimu akulidziwa vutoli. Mwamuveka wosewera kamaikolofoni kobisa m'malaya, mwayesa mawu, zonse zili myaa. Dayirekitala akangoti tiyambe, munthu uja n'kuyamba kuyenda ndi kulankhula, m'makutu mwanu muli khwa! tswa! kapena mawu ayamba kudukaduka. Mawa lake zomwezo, pa munthu wina ndi chovala china.

Ambiri amathamangira kusintha frequency, ndiye kuti njira ya mafunde a wailesi imene mawu akudutsamo. Inenso ndinkatero, ndipo chifukwa chake ndikuchidziwa: anthu akakuona ukudinadina mabatani a receiver (kachida kolandira mafundewo) amakhulupirira kuti ukukonza, ndipo iwenso mtima umakhalako pansi. Koma pa zimene ndakumana nazo, vuto nthawi zambiri silikhala m'mafunde a wailesi. Limakhala pachifuwa pa munthuyo. Phokoso lililonse lili ndi kamvekedwe kake, ndipo mukaphunzira kusiyanitsa mumadziwa kopita musanagwire chilichonse.

Yambani mwamvetsera

Pa rekoda yanu, kaya ndi Sound Devices, Zoom F8 kapena ina, sankhani kumva tchanelo cha munthu mmodziyo, ena onse muwatseke m'mahedifoni. Ngati phokosolo lajambulidwa kale, bwezerani mumvenso kawiri kapena katatu. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mphindi imodzi yomvetsera imapulumutsa mphindi zambiri zovula ndi kuveka munthu.

Mukamva khwekhwe wolemera, womveka ngati ali m'khutu mwenimweni, wobwera munthu akagwedeza mkono kapena akapuma mozama, nsalu ikukhula pamutu pa maikolofoni kapena pachingwe chake. Mtswatswa wopepuka, womveka patali pang'ono, umene boom (maikolofoni ya pamtengo wautali yolendewera pamwamba pa wosewera) nayo ikuumva, ndi nsalu ikukhulana ndi nsalu inzake, ndipo awiriwa mankhwala ake ndi osiyana. Kuthetheka kwa the! the! kobwera munthu akamakhala pansi kapena kutembenuka m'chiuno kukulozerani ku chingwe chothyoka kapena pulagi yogwejemera. Phokoso la psss lobwera mwadzidzidzi, kapena zii wa kamphindi pakati pa liwu, makamaka likamachitika pamalo amodzimodzi munthu akafikapo, limenelo ndiye la mafunde. Mawu akamasweka pokhapokha wosewera akakuwa kapena kuseka, gain, mlingo wokwezera mawu olowa m'chida, yakwera kwambiri.

Kuyesa kwake n'kwapafupi. Mupempheni wosewera aime chilili osalankhula. Kenako apume mozama, akweze manja, atembenuze khosi, akhale pansi, ayende njira yomwe adzayende pojambula. Inu khutu lili ku mahedifoni, diso lili pa mita ya RF ya receiver, yoonetsa mphamvu ya mafunde ofika. Phokoso likabwera mita ili phee pamwamba, musavutike ndi frequency. Mita ikagwa nthawi yomweyo phokoso likubwera, ndiye kambani za mafunde.

Nsalu

Apa ndi pamene pali ntchito yambiri. Thonje ndi ubweya wofewa sizivuta. Siliki, nayiloni, poliyesita, chikumba, majekete a mvula, ndi malaya oti angochoka kumene m'pepala kapena owumitsidwa ndi sitachi, amenewa ndiwo adani. Suti imatha kuoneka yabwinobwino kunja koma nsalu yoterera ya m'kati mwa jekete n'kumakhulana ndi malaya sitepe iliyonse.

Lamulo la khwekhwe wokhudza maikolofoni ndi ili: mutu wa maikolofoni ndi nsalu yoyandikana nawo ziziyendera limodzi, apo ayi zisakhudzane n'komwe. Choipa kwambiri ndi chapakatikati, pamene maikolofoni yamatidwa pakhungu koma malaya akuyenda pamwamba pake. Njira yakale imene imagwirabe ntchito ndi kupinda tepi kuti ikhale timakona titatu tomata mbali zonse, n'kuika maikolofoni pakati pa tiwiri, kamodzi kakugwira nsalu ya m'kati, kena ya kunja. Zikatero nsalu ziwirizo zimayenda ngati imodzi. Alipo amene amagwiritsa ntchito moleskin (kansalu kofewa komata), tomatira maikolofoni ta Rycote Stickies ndi Undercovers, kapena timabokosi ta labala timene Sanken COS-11D ndi DPA 4060 zimalowamo. Zonsezi zimathandiza, koma palibe chimodzi chogwira pa chovala chilichonse. Chinthu chimodzi musachite: musaphimbe kabowo kolowera mawu. Mukakaphimba khwekhwe amatha, inde, koma munthu amamveka ngati akulankhulira m'bulangeti, ndipo zimenezo sizikonzeka bwino pambuyo pake.

Malo abwino oyambira ndi pafupa la pakati pa chifuwa, mwina masentimita 20 kuchokera pakamwa. Mukakweza kwambiri kufika pakhosi, chibwano chimatchinga ndipo mawu amamveka a m'mero. Pa malaya a mabatani, pakati pa mabatani awiri pali mpata wabwino, maikolofoni ikusuzumira m'mphepete mwa nsalu yopindidwa ija. Pa tayi, m'mfundo mwake, ikuyang'ana pansi. Kwa amayi, pakati pa bra pamakhala mpata umene nsalu sifikapo, ndipo kawirikawiri mawu a pamenepo amamveka bwino kuposa pena paliponse. Countryman B6 ndi yaing'ono kwambiri moti imabisika m'bowo la batani kapena m'tsitsi, kamera osaiona. Munthu akavala chipewa filimu yonse, thokozani, chifukwa kunsi kwa mlomo wa chipewa kulibe nsalu yokhula, ndipo maikolofoni imatembenuka limodzi ndi mutu.

Ubweya wa pachifuwa ndi ndevu zazitali zimachita phokoso lofanana ndi la nsalu. Kansalu ka moleskin pakati pa khungu ndi maikolofoni kamachepetsa, kapena lamba wa pachifuwa ngati wa URSA. Thukuta nalo limamatula tepi, ndiye chimene chinali chete m'mawa chimayamba kukhwekhwereza masana. Pukutani khungu liume musanamate, gwiritsani ntchito tepi ya kuchipatala monga Transpore, ndipo muziyenderanso munthu aliyense akabwera kopuma. Dontho la thukuta likalowa m'kabowo ka maikolofoni mawu amazilala kapena kuthetheka. Sinthani muike ina, yonyowayo iume yokha.

Tsono pali mtswatswa wa nsalu ndi nsalu, umene sukhudza maikolofoni. Uwu mungamate tepi mpaka itatha, sutha, chifukwa ndi phokoso lenileni la m'chipindamo ndipo maikolofoni ikungochita ntchito yake. Muyenera kupeza pamene nsalu zikukhulana, m'khwapa, pakolala, pakati pa jekete ndi malaya, n'kuzimata pamodzi ndi tepi yomata mbali ziwiri monga Topstick. Nthawi zina kuwaza timadzi pang'ono kumafewetsa malaya ouma, koma musayerekeze kutero musanafunse oyang'anira zovala. Chovalacho ndi chawo, ndipo banga likaoneka pakamera ofunsidwa ndi iwowo.

Ndikukumbukira tsiku lina tikujambula mayi wina atavala bulauzi ya thonje, nsalu yosavuta m'pang'ono pomwe. Akangoyamba kulankhula ndinkamva ti! ti! wosalekeza, ngati kuthetheka kwa magetsi. Ndinasintha frequency kawiri, ndinasintha transmitter (kachida kotumiza mawu kamene wosewera amavala), ndinasintha ngakhale maikolofoni, anthu onse ali chiimire kundidikira. Wogwira boom ndi amene anabwera n'kundinong'oneza kuti, "Achimwene, taonani m'khosimo." Munali kamkanda kopyapyala kolowa m'kati mwa bulauzi, kakamendulo kake kakugunda chingwe nthawi iliyonse mayiwo akapuma. Ndinapita n'kunena kuti, "Pepani mayi, ndingamate kamkandaka kuti kasamayende?" Anaseka, anati kanali kawo osati ka filimu, n'kukavula. Mphindi zonse zija zinapita chifukwa ndinayamba ndi mabatani m'malo moyang'ana munthu.

Kuveka munthu maikolofoni n'kulowa m'zovala zake, choncho nenani chimene mukufuna kuchita musanachite, pemphani chilolezo, ndipo pamene pakufunika kufika m'kati, aloleni adutsitse okha chingwe kapena muitane wa zovala athandize. Wosewera amene mwamulemekeza amakuuzani yekha tepi ikamatuka. Amene mwamuchititsa manyazi amangokhala chete, kapena kuisuntha yekha osakuuzani.

Chingwe ndi pulagi

Chingwe cha maikolofoni chimanyamula phokoso ngati nsambo ya gitala. Chikakhulidwa pamimba, khwekhwe amakwera mpaka kumutu kwa maikolofoni ngakhale mutuwo mwaumata bwino. Pindani kalupu kakang'ono, kokwana chala, pafupi ndi mutu, n'kukamata, kenako matani chingwe kamodzi kapena kawiri potsika. Lupuyo imameza kugwedezeka, komanso munthu akadziwongola chingwe sichikoka maikolofoni. Musachimange chothina. Siyani kotsala pang'ono m'chiuno kuti munthu athe kuwerama.

Zingwezi zimakonda kuthyokera m'kati pamalo awiri, pafupi ndi pulagi ndi pafupi ndi mutu, ndipo kunja zimaoneka zabwinobwino. Valani mahedifoni, yendetsani zala pachingwe chonse mukuchipindapinda pang'ono. Pamene pathetheke ndi pomwepo. Chimatireni katepi kofiira muchiike padera, chifukwa mukachibwezera m'chikwama chidzakupusitsaninso. Pa ma transmitter a Sennheiser G3 ndi G4, pulagi ya 3.5 mm ili ndi kamphete kopotokola, ndipo kakamasuka pang'ono chabe phokoso lake limafanana kwambiri ndi la mafunde. Dziwaninso kuti maikolofoni yolumikizidwira Sennheiser singagwire bwino pa Lectrosonics kapena mtundu wina pongosintha pulagi, chifukwa kalumikizidwe ka mawaya m'kati n'kosiyana.

Likakhala la mafunde

Zimitsani transmitter, receiver muisiye yoyaka. Mita ya RF ikamaonetsabe kanthu, pali wina amene ali pa frequency yanu kapena pafupi nayo, kaya ndi siteshoni ya TV, kaya ndi gulu lina lojambula. Sakani ina. Posaka, ma transmitter anu onse akhale ozimitsa, ndipo sakirani pamalo pomwe mujambulirepo, osati pamene mwatsitsira katundu. Mukasamuka malo, sakaninso.

Mita ikakhala pansi transmitter itazima, ndiye kuti njira ndi yoyera koma mafunde anu sakufika mokwanira. Thupi la munthu ndi madzi ambiri, ndipo limameza mafunde. Transmitter ili kumsana, munthu wayang'ana kwa inu, thupi lonse lili pakati. Eriyo ikagona pakhungu la thukuta mphamvu yambiri imathera pomwepo. Ikani kansalu kapena kathovu pakati, eriyo ikhale yowongoka, isapindike ndipo isakulungane ndi chingwe cha maikolofoni. Kutalika kwa eriyo si kokongoletsa. Pa 600 MHz funde limodzi ndi masentimita 50, ndipo eriyo imadulidwa gawo limodzi mwa anayi a funde, pafupifupi masentimita 12.5. Mukaika eriyo ya bandi ina, ndiye kuti ya gawo lina la ma frequency, chifukwa yanu yasowa, mtunda umafupika.

Kenako sunthani receiver. Mtunda ukawirikiza kawiri mphamvu yofika imatsika ndi ma dB 6, kutsala gawo limodzi mwa anayi, ndipo zimenezo ndi pabwalo poyera, popanda makoma. Kuyandikira mamita ochepa, kapena kukweza ma eriyo pamwamba pa mitu ya anthu, kumathandiza kuposa kuwonjezera mphamvu ya transmitter. Zitsulo, magalasi oonera nkhope, magalimoto ndi makoma a konkire zimabweza mafunde, n'kupanga timalo timene mafunde amafafanizana okha. N'chifukwa chake mawu amaduka pa sitepe imodzimodzi nthawi zonse. Receiver ya ma eriyo awiri inapangidwira zimenezi, koma ikalephera, kuisuntha theka la mita kumatha kuchotsa vutolo.

Pali vuto lina limene limasokoneza anthu chifukwa transmitter iliyonse payokha imagwira bwino, koma mukayatsa zonse zimayamba kulowererana. Ma transmitter awiri akayandikana amabereka mafunde ena atsopano. Wina akhale pa 500 MHz, wina pa 501 MHz, ana awo amatulukira pa 499 ndi 502 MHz. Ngati wachitatu munamuika pa 502 poganiza kuti kusiyanitsa mofanana ndiye dongosolo labwino, mwamuika pamsampha. Zimaonekera kwambiri osewera akakumbatirana kapena akakhala mothinana m'galimoto. Gwiritsani ntchito ma frequency a m'banki imodzi, gulu limene opanga anawerengera kale, kapena pulogalamu yowerengera monga Wireless Workbench ya Shure kapena Wireless Designer ya Lectrosonics. Kuwonjezera mphamvu pano kumangokulitsa vuto. Ngati mamiliwati 30 kapena 50 akufika, musapite ku 100 kapena 250.

Yang'ananinso zimene zili pafupi ndi chikwama chanu cha rekoda ndi ma receiver. Wailesi ya m'manja yolankhulirana imatulutsa mawati anayi kapena asanu, kuposa kamaikolofoni kanu maulendo makumi ambiri, ndipo wina akaidina pafupi ndi ma eriyo anu receiver imagontha kwa kamphindi. Transmitter yanu yotumiza mawu ku kamera kapena ku mahedifoni a dayirekitala imachitanso chimodzimodzi ikakhala m'chikwama chomwecho moyandikana ndi ma receiver. Italikitseni, ndipo ikhale pa bandi yotalikirana. Makoma a LED ndi zida zina zamagetsi nazo zimamwaza phokoso la mafunde. Foni ya m'thumba mwa wosewera imadziwika ndi kulira kwake kwa di-di-di-dit, kumene pa GSM kumagunda maulendo 217 pa sekondi. Kuitseka kulira sikuthandiza. Aizimitse kapena aike pa airplane mode.

Zida za 2.4 GHz, monga Rode Wireless GO, sizifuna kusaka frequency, koma zimalimbirana malo ndi Wi-Fi ndi Bluetooth, ndipo thupi limazitchinga kwambiri kuposa za UHF, monga za 500 kapena 600 MHz zija. Munthu akangotembenuka kukupatsani msana mawu amatha kuduka. Pofunsa munthu mafunso atakhala pansi zimagwira bwino. Pa sewero la anthu oyendayenda m'nyumba yodzaza mafoni, musazidalire zokha, ndipo ngati transmitter yake ili yotha kujambula m'kati, yatsani zimenezo.

Mukagula zida zogwiritsidwapo kale kapena mukapita kukajambula dziko lina, funsani za malamulo a kumeneko. Ku United States, bungwe loyang'anira mafunde la FCC litagulitsa gawo lalikulu la bandi ya 600 MHz kwa makampani a mafoni, mamaikolofoni a wailesi anayenera kuchokamo pofika pa 13 July 2020. Ku Britain bandi ya 700 MHz inachotsedwanso m'chaka chomwecho. Zida zambiri za mabandi amenewa zinagulitsidwa motchipa, ndipo amene anazigula osadziwa amadabwa kuti bwanji zikuchita phokoso pafupi ndi nsanja za mafoni.

Za squelch, mlingo umene receiver imatsekera mawu mafunde akafooka, ndinene mwachidule. Ikatsika kwambiri mumamva psss mafunde akafooka, ikakwera kwambiri receiver imatseka mawu msanga ndipo mtunda umafupika. Isiyeni pansi kapena pakati, pilot tone, kachizindikiro kamene receiver imadziwira transmitter yake, ikhale yoyaka.

Mabatire ndi gain

Batire ikamatha, mtunda umayamba kufupika ndipo mawu amadukaduka chida chisanazime. Mabatire a lithium ndi a NiMH amakhala ngati odzaza mpaka pafupi ndi mapeto kenako n'kugwa kamodzi, ndiye mita ya batire imanama, makamaka ngati simunaiuze transmitter mtundu wa batire imene mwaika. Ine ndimadalira wotchi. Ndimadziwa maola amene mtundu uliwonse umapirira, ndipo ndimasintha onse nthawi yopuma masana, kaya mita ikuti chiyani.

Gain ili pawiri, pa transmitter ndi pa rekoda, ndipo yoyamba ndiyo yofunika. Mawu akasweka pa transmitter, kutsitsa pa rekoda kumangokupatsani mawu osweka otsika. Ikatsikanso kwambiri mumakweza pa rekoda n'kukweza ndi mluzu womwe. Poyesa, osewera ambiri amalankhula motsitsa, "wani, thuu, wani, thuu", kenako pojambula n'kukuwa. Apempheni anene mzere waukali kwambiri wa gawolo ndi mphamvu yake yeniyeni. Pa mita ya rekoda, pamene 0 ndiye malire a pamwamba, mawu wamba azizungulira pa -20 kapena -18 dBFS kuti kukuwa kukhale ndi malo. Fyuluta yodula mawu a pansi pa 80 Hz imachepetsa kugunda kwa mtima, mapazi ndi mbali ina ya khwekhwe wa chingwe. Mukamva kung'ung'uza kosalekeza kwa 50 kapena 60 Hz, kumeneko ndi kwa magetsi a pakhoma, ndipo kumalowera pa chingwe chopita ku kamera kapena pa chaja. Zulani chimodzichimodzi mpaka kutasiya.

Zikakanika

Zovala zina sizigonja. Jekete ya nayiloni pa munthu wothamanga idzachita phokoso ngakhale mutaveka bwanji. Apa boom ndiyo imakupulumutsani, ndipo kunena zoona, Sennheiser MKH 416 kapena Schoeps yoikidwa bwino pamwamba pa mutu imamveka mwachibadwa kuposa maikolofoni iliyonse yobisa. Vuto limakula pojambula ndi makamera awiri, ina yapatali ina yapafupi, chifukwa boom siingatsike. Pemphani kuti chithunzi chapafupi achijambulenso chokha kamodzi. Mukhozanso kubisa maikolofoni patebulo, m'maluwa kapena pa sun visor ya galimoto. Jambulani maikolofoni iliyonse pa tchanelo chake, chifukwa mukasakaniza boom ndi ya pachifuwa mawu amafika nthawi zosiyana, pafupifupi mamilisekondi atatu pa mita iliyonse, ndipo amamveka ngati a m'paipi. Wokonza mawu akazipeza zili padera amasankha yekha.

Nenani nthawi yomweyo. Akangoti "kati" kuimitsa kujambula, uzani wothandizira dayirekitala kuti mzere wakutiwakuti sunamveke ndipo chifukwa chake n'chakuti. Musadule kujambula nokha pokhapokha munagwirizana kale zimenezo. Akakana kubwereza, pemphani mphindi ziwiri wosewera asanachoke kuti anene mizereyo popanda kamera, atavula jekete ija, pamalo omwewo, mawu akadali m'kamwa. Jambulaninso chete wa chipindacho kwa masekondi 30 kapena 60, anthu onse ali phee. Kenako lembani mu lipoti la mawu teki (ulendo wa kujambula) imene ili ndi khwekhwe, pa liwu liti, ndi kumene kuli mzere wobwereza. Wokonza mawu amatha kutenga liwu limodzi ku teki ina n'kuliika m'malo mwa loonongeka, ndipo mapulogalamu monga iZotope RX amachotsako khwekhwe wa pakati pa mawu, ngakhale amavutika akakhala pamwamba pa liwu lenilenilo.

Ntchito ikubwerayi, pemphani kuona zovala tsiku lojambula lisanafike. Tengani mahedifoni ndi maikolofoni imodzi, pitani kwa oyang'anira zovala, gwirani nsalu iliyonse muifikise pafupi ndi khutu. Nthawi imeneyo akhoza kuchapa malaya atsopano kuti afewe, kusoka kathumba ka transmitter, kuboola kabowo kodutsa chingwe m'thumba, kapena kumata mphira wofewa kunsi kwa nsapato zogogoda. Ngati wosewera ali ndi majekete awiri ofanana, funsani ngati n'zotheka kuchotsa nsalu yoterera ya m'kati mwa imodzi, kuti ikhale yovala pa zithunzi zapafupi.